Maganizo a Mkonzi: Barbra Banda sadalakwe kanthu

Mu 2021, Barbra Banda adagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo. Chaka chotsatira, kaputeni wa Zambia yu sadasewere WAFCON, mpikisano wa mpira wa amayi wa mu Africa, ku Morocco, ati kamba ka malamulo otsimikizira kuti wosewera ndi mkazidi. Mu 2023 FIFA idamulola kusewera World Cup. Munthu yemweyo.

Sitikukana kuti mpikisano wa amayi ufunika malamulo. Chotiwawa n'chakuti thupi la mwana wamkazi lidasanduka nkhani ya m'minibasi ndi pa Facebook, anthu n'kumamutonza ngati wakuba.

CAF, yomwe imayendetsa WAFCON, ndi FIFA agwirizane lamulo limodzi lomveka, alilengeze nthawi ikadalipo, ndipo zotsatira za kuchipatala zikhale chinsinsi cha wosewera ndi dokotala wake.