Kutsitsa mtengo wa mango si kuudula mutu

Mango akangotha m'mwezi wa Januwale, m'mabairro a ku Tete ndi ku Moatize mumayamba kumveka kulira kwa makatana ndi nkhwangwa. Mwini nyumba amayang'ana mtengo umene anabzala malemu bambo ake, naona kuti nthambi zakwera pamwamba pa denga la malata, ndipo mnansi wayamba kale kudandaula. Mantha akewo ndi omveka, pakuti anthu sanaiwale namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè. Tsono amaitana mnyamata namuuza kuti, "Iwe, takwera uutsitse mtengowu." Pofika madzulo pabwalo pangotsala thunthu ndi nthambi zitatu zodulidwa pakati, ngati mphanda za chisakasa.

Mwini nyumbayo amagona mtima uli m'malo, osadziwa kuti waonjezera ngozi imene amaiopa. Mtengo wodulidwa mutu umatulutsa mphukira zambirimbiri kuzungulira chilonda chilichonse. Mphukirazo zimathamangira kumwamba, ndipo pakangopita zaka zochepa msinkhu uja wabwerera. Koma nthambi yakale inali yomera kuchokera m'kati mwa thunthu, pamene zatsopanozi zangogwira chakunja, pafupi ndi khungwa. Pansi pa izo chilonda chachikulu chija chikumwa madzi a mvula, chikuwola, chiswe nacho chapeza khomo. Nthambi zotere ndizo zimayamba kukhadzuka mphepo ikaomba. Khungwa limene linazolowera mthunzi limapsanso ndi dzuwa la Okutobala, ndipo dzuwa la ku Tete sachita kulifotokoza. Ana nawo amaluza, kaamba koti mango amachita maluwa ku nsonga za nthambi zokhwima, ndiye mtengo wosadzidwa chonchi umatha chaka kapena ziwiri osabereka.

Wodziwa ntchitoyi amayamba waima patali n'kuuyang'ana mtengo wonse. Amasankha nthambi imene yatalika kwambiri, naitsata ndi maso chotsika mpaka pa mphanda pamene pali nthambi ina yoloza cham'mbali. Apo ndi podula, pamwamba penipeni pa mphandayo, mopendeketsa pang'ono kuti madzi asakhazikike. Nthambi yotsalayo isakhale kamtsitsi chabe ayi. Kunenepa kwake kufike gawo limodzi mwa magawo atatu a imene ikuchotsedwa: yochotsedwayo ikakhala masentimita 15, yotsala isachepere masentimita 5. Ikatero imatha kulandira madzi ndi chakudya chimene chinkapita kumwamba, mphukira sizichuluka, ndipo chilonda chimabisika m'masamba. Mlendo wodutsa pamsewu amangoona mtengo wa mango wobulungira monga mwa nthawi zonse, koma wofupikirapo.

Chovuta ndi kudekha. Pa chaka chimodzi masamba ochotsedwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho mtengo umene wakula zaka makumi atatu osakhudzidwa umafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti utsike bwino. Mnansi wa denga lija sangafune kumva za zaka zitatu. Nzeru yake n'kuyambira mbali yake yomweyo chaka choyamba, iye akuona.

Nthambi yolemera saidula kamodzi. Choyamba amaicheka pang'ono cha kunsi, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa mphanda. Kenaka amacheka cha kumwamba, kutsogolo pang'ono kwa pamene anayamba paja, mpaka igwe. Kucheka kwa kunsi kuja kumaletsa khungwa kusendeka mpaka ku thunthu. Pomaliza amachotsa kachitsa kotsalako bwinobwino. Ngati nthambi ikuchotsedwa yonse, pa tsinde pake pamakhala potupa ngati mphete. Mpheteyo isadulidwe, chifukwa ndi imene imakula n'kutseka chilonda. Macheka ndiwo amagwira bwino ntchitoyi. Katana amasiya chilonda chophwanyikaphwanyika. Za kupaka oilo wakale wa galimoto pachilonda n'zongovutitsa mtengo. Chilonda chodulidwa pamalo oyenera chimapola chokha. Utomoni wa mango umawotcha khungu, ndiye wokwera mumtengo avale malaya a manja aatali ndipo asamale maso.

Nthawi yabwino kwa mango ndi yomweyi, zipatso zikangotha, kuti nthambi zatsopano zikhale zitakhwima pofika nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi pamene maluwa amayamba. Wodulira mu Julayi amagwetsa maluwa ake omwe. Alimi a mapichesi ku Angónia ndi ku Tsangano asatengere kalendala imeneyi, pakuti mitengo yawo imaduliridwa m'nyengo yozizira, masamba atayoyoka.

Nthambi ikafika pa mawaya a magetsi, mnyamata asakwere n'komwe, ngakhale atalonjezedwa ndalama zingati. Mtengo wauwisi umadutsa magetsi. Mwini nyumba apite kaye ku ofesi ya Electricidade de Moçambique akanene.