Za Nthenga za Abakha, ndi Chogonera cha Nkhalamba

Abale a kwa Nyachikadza, mawu anga lero ali pa chinthu chimene inu muchiyesa chachabe. Bakha akaphedwa, nyama ilowa mumphika, nthenga zipita kudzala, kapena mphepo izimwaza pabwalo. Ine nditi kutero ndiko kutaya chuma. Pakuti m'midzi yanu ya m'mbali mwa Shire ndi ku madambo a Ndindi abakha aswana bwino, ndipo m'midzi yomweyo muli nkhalamba zogona pa mphasa youma, zimene zidzuka m'mawa msana ndi chiuno zili kuwawa.

Ena adzati, Kuno n'kotentha, adzagona pa nthenga ndani? Mawu amenewo ngoona pa mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene ngakhale mphasa yomwe iwotcha. Chifukwa chake sindikuuzani kusoka chimatiresi chonga cha ku Ulaya, kumene munthu amira m'nthenga za atsekwe pothawa chisanu. Chimene ndinena ndicho choyala chopyapyala, kuchindikala kwake zala zitatu zokha, choika pamwamba pa mphasa. Pa Juni ndi Julaye, pamene mwera uwomba usiku ndi nkhungu ikuta mtsinje, wokalamba ndi wodwala adzachiyamika. Kukayamba kutentha muchipinde, chikhale mtsamiro.

Koma chifukwa changa chachikulu ndicho madzi. Inu mudziwa koposa ine chimene Shire anachita mu Januwale 2015, ndi pa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Munthu wothawa usiku m'bwato sanyamula katundu wolemera. Matiresi a thonje akamwa madzi alemera ngati thumba la mchenga, nachedwa kuuma, nayamba nkhungu m'kati. Ndiponso thonje n'la malonda, lipite kumsika. Choyala cha nthenga mwana achipinda, achimanga ndi luzi, nachisenza yekha. Nthawi ya dzinja muchipachike kudenga usana uliwonse, ndipo pofika kumtunda agogo sadzagona pa dothi lozizira la pamsasa.

Tsono kakonzedwe kake. Sosolani bakha ali wouma, musanamuviike m'madzi otentha, ndipo atafa kale. Kuzula nthenga pa mbalame yamoyo ndi nkhanza, ndipo kuibweza m'mbuyo pa kuikira. Za pachifuwa ndi pamimba, pamodzi ndi ubweya wofewa uli pansi pake, ndizo zabwino, ikani pazokha. Za m'mapiko ndi kumchira zili ndi mitengo yolasa: muzisadzule mbali zofewa, mitengoyo ipite ku manyowa. Za nkhuku zithandiza kuchulukitsa, koma n'zouma, ndipo zifulumira kuphwatalala. Za mbalame yofa ndi chitopa kapena nthenda ina musazikhudze konse; ikwirireni yonse.

Pano ndipo ambiri alakwa. Nthenga zosatsuka zinunkha, ndipo zibweretsa utitiri m'nyumba. Zitsukeni m'madzi ofunda ndi sopo, tsukuluzani kawiri kapena katatu, ndi kuziika m'thumba la nsalu yopyapyala, losadzaza, lopachika padzuwa. Mulikutumule kawirikawiri masiku angapo, kufikira mutalowetsa dzanja pakati osapeza chinyontho. Dzuwa la chigwa chino lichita ntchito imeneyo kwaulere.

Nsalu ikhale yolukidwa mothina, monga kaki. Ipenyetseni kudzuwa: ngati kuwala kupyola m'timabowo, nthenga nazo zidzapyola. Wosowa kaki aphatikize zitenje ziwiri, napake phula la njuchi ku mbali ya m'kati. Sokani thumba la msinkhu wa munthu, msoko uliwonse kawiri, ndi ulusi wolimba. Kenaka sokani mizere ya m'litali, yotalikirana chikhato chimodzi. Thirani nthenga dzanja limodzi m'njira iliyonse, zigwedezereni kumapeto, ndi kusoka mzere wopingasa. Bwerezani chomwecho kufikira pamwamba. Mukapanda kugawa zipinda zotere, nthenga zonse zidzathawira kumiyendo usiku woyamba. Ntchitoyi muichite m'nyumba, chitseko chili chotseka, chifukwa cha mphepo.

Sindikubisirani kuti nthenga zichepa. Choyala cha munthu mmodzi chifuna za abakha ngati 30 kapena 40, ndiye banja limodzi lingadikire zaka. Koma pa ukwati, pa Khirisimasi ndi pa maliro abakha aphedwa ambiri tsiku limodzi. Amayi a mudzi akapangana kusunga thumba limodzi, nayamba ndi iye wokalamba koposa, chaka sichidzatha asanasoke choyamba.

Awiri okha asagonepo. Khanda musaligoneke pa nthenga, pakuti likagudubuka chafufumimba mphuno imira m'chofewacho, ndipo silingathe kudzutsa mutu. Wa mphumu nayenso akhale pa mphasa yake. Otsalawo atulutse choyala padzuwa sabata iliyonse, achiombe ndi kamtengo, napenye m'misoko ngati nsikidzi zabisalamo.