ZA MAPHUNZIRO: Ophunzira Amene Asindikiza Mabuku Asanatsirize Sukulu

Anthu ambiri akagwira buku m'manja amaganizira mlembi yekha, popeza dzina lace ndilo liri pacikuto. Koma mlembi akatsiriza kulemba, nchito imakhala itangofika pakati. Pafunika wina wosankha nkhani yoyenera kusindikizidwa, wina wokonza mau, wina woyala zilembo pamasamba, wina wojambula cikuto, ndiponso wina wolifikitsa ku masitolo. Mutu umodzi susenza denga. Nanga amisiri onsewa amaphunzira kuti nchito yao?

Yankho lina licokera mu mzinda wa Portland, m'cigawo ca Oregon ku Amereka. M'caka ca 2001, pa yunivesite ya Portland State, Bambo Dennis Stovall, amene anali atagwira kale nchito yofalitsa mabuku, anayambitsa kampani yochedwa Ooligan Press. Dzinali ndi la kansomba ka mafuta ambiri kamene eni nthaka a kumeneko anali kugulitsana kuyambira kale. Cacilendo pa kampaniyi ndi cakuti anchito ace ndi ophunzira a digiri yaciwiri ya kafalitsidwe ka mabuku, ndipo aphunzitsi amangowayang'anira ndi kuwalangiza.

Ophunzirawa amagawidwa m'magulu monga momwe ziriri m'kampani iriyonse ya mabuku. Gulu lina limawerenga zolembedwa zimene alembi atumiza, makamaka zonena za moyo wa kumpoto cakumadzulo kwa dzikolo. Likapeza nkhani yabwino limaibweretsa pamsonkhano, ndipo ophunzira amakambirana ndi kuponya voti. Nkhani ikalandiridwa, akonzi amakhala pansi ndi mlembi kwa miyezi, kucotsa zobwerezabwereza ndi kuongola pamene papotoka. Pambuyo pace ena amayala masamba, ena amalembera manyuzipepala ndi eni masitolo kuti bukulo lidziwike. Limodzi mwa mabuku oyamba linali la Bambo Tony Wolk lonena za Abraham Lincoln, lomwe linaturuka mu 2004.

Kusiyana kwa maphunziro otere ndi a m'kalasi n'kwakukuru. Wophunzira akalakwitsa pamayeso, colakwaco cimaonedwa ndi mphunzitsi mmodzi, cimaongoledwa ndi inki yofiira, basi nkhani yatha. Koma dzina la munthu likalembedwa molakwa m'buku, colakwaco cimalowa m'makope onse ndipo sicingafafanizidwe. Cikuto cikakhala cosakopa, mabuku amangodya fumbi m'makatoni ndipo ndalama zimene zinalipiridwa kwa osindikiza zimalowa m'madzi. Koposa zonse, pali mlembi amene anavutika zaka zambiri ndi nkhani yace, naipereka m'manja mwa acinyamatawa mwa cikhulupiriro. Wophunzira amene wanyamulapo udindo wotere sawerenganso tsamba mothamanga.

Ena amadandaula kuti si bwino kuphunzirira pa thukuta la mlembi, ndipo dandaulo lao liri ndi maziko. Ophunzira amabwera ndi kupita, kotero buku loyambidwa ndi gulu lina likhoza kutsirizidwa ndi gulu lina. N'cifukwa cace mtsogoleri wa gulu asanacoke amayamba waphunzitsa womlowa m'malo, ndipo aphunzitsi odziwa nchito amaona zonse buku lisanapite ku makina. Woumba mbiya naye amayamba ndi dongo lenileni, koma mkulu ali pambali pace.

Phunziro limeneli likhudzanso Zambia. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, iri ndi nthambi yace yofalitsa mabuku ndi magazini a ofufuza. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unabvomereza kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno, kuphatikizapo Cinyanja. Koma malamulo a kalembedwe sakonza okha buku. Pafunika akonzi amene anazolowera kuwagwiritsa nchito tsamba ndi tsamba, amene amadziwa pamene mau alumikizana ndi pamene alekana. Mkonzi wotere samera ngati bowa. Amakula pogwira zolembedwa zenizeni, moyang'aniridwa ndi amene anamtsogolera. Ngati ophunzira a zinenero atapatsidwa malo patebulo la akonzi asanalandire digiri, mlembi wa ku Katete kapena ku Petauke angapeze manja odalirika olandira nkhani yace.