Tiudziwe kaye mwala wa ku Chimwadzulu tisanautchule mtengo

M'chaka cha 2024 a Thabo Chakaka Nyirenda, omwe panthawiyo adali mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, adalembera kalata kampani ya ku America yotchedwa Columbia Gem House kuiuza kuti ilipire dziko lino ndalama zoposa madola 309 biliyoni. Iwo adati iyi ndi misonkho yomwe siidaperekedwe pa miyala ya mtengo wapatali yochokera kuphiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu. Kampaniyo idakana kwamtuwagalu, niti mlanduwo ulibe mutu. Koma nkhani itangomveka, ambiri a ife kuno ku Area 18 ngakhale ku Kawale ndi ku Chinsapo tidayamba kale kugawana ndalamazo pakamwa.

Amalawi anzanga, tiyeni tiwerengere limodzi. Mu Juni 2023 mwala wa rubi wotchedwa Estrela de Fura, wokumbidwa ku Montepuez m'dziko la Mozambique, udagulitsidwa ku New York pa mtengo wa madola 34.8 miliyoni. Mpaka tsiku limenelo padalibe rubi yemwe adagulidwapo ndalama zotere pa msika wopikisana. Kuti madola 309 biliyoni akwane, pafunika miyala yotereyi pafupifupi 8,900. Mgodi waukulu wa kampani ya Gemfields ku Montepuez komweko, womwe ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya rubi pa dziko lonse, udatenga zaka pafupifupi 10 kuti malonda ake apitirire madola 1 biliyoni. Nanga phiri limodzi la ku Ntcheu likadatulutsa bwanji zonsezo?

Sitikunena kuti Malawi sadaberedwe. N'kutheka kuti tidaberedwa, mwinanso kwambiri. Chomwe tikunena n'chakuti munthu wosadziwa kuchuluka kwa mbuzi za m'khola mwake sangauze mfumu kuti fisi wagwira zingati. Vuto lathu lagona pamenepa: takhala ndi mwalawu zaka zoposa 60 koma sitiudziwa.

Kodi mwala umenewu n'chiyani? Akatswiri a za miyala amautcha korandamu. Ndi aluminiyamu, yemwe uja wa mapoto athu ophikira, atagwirana ndi mpweya wa okosijeni pansi pa nthaka pomwe pali kutentha koopsa. Ukakhala wopanda chosakaniza chilichonse umaoneka mbuu ngati galasi. Mukalowa kachitsulo kotchedwa kromiyamu, pang'ono chabe, mwalawo umafiira psuu, ndipo ndiye rubi ameneyo. Mukalowa ayironi ndi titaniyamu umasanduka wa buluu, ndiye safaya. Palinso safaya wachikasu, wobiriwira ndi wapinki. Choncho rubi ndi safaya ndi ana a mimba imodzi, amangosiyana malaya.

Pa sikelo ya Mohs, yomwe amayezera kulimba kwa miyala kuchokera pa 1 mpaka 10, korandamu ali pa 9. Mwa miyala yodziwika, dayamondi yekha ndiye amamuposa. Nsangalabwi zoyera za m'mitsinje mwathu zili pa 7. Korandamu amalemera kanayi kuposa madzi a muyeso womwewo, pamene nsangalabwi sifika ngakhale katatu, n'chifukwa chake okumba akamasefa dothi m'madzi iye amatsalira pansi. Kawirikawiri amamera ndi mbali 6, ngati kambiya kakang'ono.

Tsono chodabwitsa n'chakuti korandamu wamba si wosowa ayi. Amisiri owotcherera zitsulo ku Biwi amamugwira tsiku ndi tsiku, pakuti zimbale zambiri zodulira ndi kunolera zitsulo amazipanga ndi korandamu wa m'fakitale. Wosowa ndi uja woyera m'kati, wopanda ming'alu, wamtundu wokoma, woti kuwala kudutsemo. Miyala iwiri yotoledwa m'dzenje limodzi, ina ingakhale yosagula ngakhale thumba la chimanga, inzake n'kugula nyumba. Muyeso wake ndi karati, ndipo makarati 5 ndiwo galamu imodzi. Estrela de Fura uja adali wa makarati 55.22, kutanthauza magalamu 11 okha, kanthu kobisika m'bokosi la machesi.

Apa ndiye pamene pali msampha. Fodya timamuona pa okushoni, tiyi timamuyeza pa sikelo, koma rubi mtengo wake uli m'diso la woudziwa. Ganeti, mwala wina wofiira wopezeka m'madera ambiri a dziko lino, amafanana ndi rubi kwa munthu wamba chonsecho mtengo wake ndi wotsika zedi. Kuyambira mu 1902, pomwe Auguste Verneuil wa ku France adalengeza njira yake, anthu akhala akupanga rubi m'fakitale. Ena amaotcha miyala yosaoneka bwino m'ng'anjo kuti mtundu ukome, ena amathira galasi m'ming'alu. Rubi wosaotcha ndiye wokwera mtengo, ndipo miyala ya ku Chimwadzulu idatchuka kunja chifukwa ankaigulitsa ngati yosaotcha. Zonsezi zimadziwika ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono pamodzi ndi munthu wophunzira ntchitoyo. Popanda zimenezi, wofuna kutulutsa katundu kunja amangolemba yekha mtengo pa pepala, wa boma n'kudinda chidindo.

Miyala ya ku Chimwadzulu idadziwika mu 1958, nthawi ya atsamunda. Phirili lili kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo miyalayi imapezeka m'dothi lomwe lidatsala thanthwe litafumbutuka. Yambiri ndi safaya wotuwirako, rubi weniweni ndi gawo lochepa. Kuchokera nthawi imeneyo mgodiwu wadutsa m'manja ambiri, mu ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri womwe. Kampani ya Nyala Mines, yomwe miyala yake inkagulitsidwa kudzera ku Columbia Gem House, chiphaso chake chidatha mu 2017 ndipo boma silidachionjezere. Funso lathu ndi ili: m'zaka zonsezi, ndi makilogalamu angati adatuluka, amtundu wanji, ndipo ndani wa boma adawaona ndi maso ake? Kale munthu ukafunsa zotere unkagona ku Mikuyu. Lero palibe chotiletsa kufunsa.

Mu Febuluwale 2025 boma lidayamba laimitsa kutumiza miyala kunja, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika adaletsa kutulutsa miyala yosakonza. Cholinga n'chabwino. Koma chiletso chokha, popanda msika wodalirika m'dziko muno, chimangonenepetsa ozembetsa. Kamwala ka magalamu 11 sikasowa njira pamalire pomwe msewu wa M1 umachita kuyenda m'mphepete mwa Mozambique.

Abale athu omwe mudabwerako ku Zambia mukudziwa za mgodi wa Kagem ku Lufwanyama, komwe amakumba emarodi. Boma la Zambia lili ndi magawo 25 pa 100 alionse mumgodiwo, miyala imasankhidwa m'magulu, ogula amapikisana, ndipo zotsatira za malonda zimalengezedwa poyera. Kumenekonso madandaulo alipo, koma nzika imatha kutenga pensulo n'kuwerengera gawo la dziko lake. Ife tingawerengere pati?

Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, boma liike ndalama zenizeni pa nyumba yoyezera miyala yokhala ndi zida zokwanira, ndipo liphunzitse achinyamata athu ntchito yozindikira, kusema ndi kutchula mtengo wa miyala. Nthambi yofufuza za miyala ku Zomba ndi sukulu zathu zaukachenjede zili ndi anthu oti n'kuyambira pomwepo. Kachiwiri, mwala uliwonse wochoka ku Chimwadzulu uyezedwe pamaso pa woimira boma, ugulitsidwe pa msika wopikisana, ndipo zotsatira zisindikizidwe m'nyuzi, m'Chichewa momwe, kuti anthu a ku Ntcheu adziwe chomwe chatuluka m'nthaka ya makolo awo. Kachitatu, mapangano onse a mgodiwu, akale ndi atsopano, aikidwe poyera. Malawi adalowa m'bungwe la EITI loona kuti za migodi zisamabisidwe mu 2015, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Malamulo alipo, chosowa ndi anthu owagwiritsa ntchito.

Mawu otsiriza apite kwa inu anansi athu a ku Area 18 omwe m'mawa uliwonse mumakwera ku Capital Hill. Mafailo a ziphaso ndi zilolezo zotulutsira katundu kunja amadutsa m'manja mwa anthu ngati inu, osati mwa nduna zokha. Musanadinde pepala lonena kuti thumba ili ndi la miyala wamba, funsani kuti waliyeza ndani ndipo waliyeza ndi chiyani. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngati tili ndi mlandu ndi kampani ina iliyonse, tipite nawo kukhoti titanyamula sikelo, mabuku ndi umboni wa akatswiri athu. Chiwerengero chongoponya m'mwamba chimasangalatsa pa msonkhano, koma woweruza amafuna kuona makarati.