ZA PAKHOMO: Mpeni uliwonse uli ndi malo ake

M'mudzi wina wa kunsi kwa phiri la Domwe, m'boma la Angónia, muli madala ena amene adali ndi mipeni ndi zitsulo zakuthwa zisanu ndi ziwiri. Sizidali zamalonda ayi, ndipo zambiri zidaleka kale kugwira ntchito. Madalawo ankazisunga monga momwe anthu ena amasungira zithunzi za makolo awo, pakuti chilichonse chidali ndi mbiri yake.

Padali mpeni wa chigumbu cha nyanga ya ng'ombe umene adasula mmisiri wa m'mudzi momwemo m'masiku a agogo awo. Padali nthungo yovinira ngoma, kasemasema, ndi lumo lometera. Padali mpeni wopinda wa Okapi umene bambo awo adabwera nawo kuchokera ku Joni. Padali chikwanje, ena amati katana, chimene madalawo adanyamula pothawira ku Malawi mu 1986, n'kumangira msasa kumeneko, n'kubwera nachonso nkhondo itatha. Chachisanu ndi chiwiri udali mpeni wa kunsonga kwa mfuti, umene asilikali amati bayoneta. Umenewu adautola m'munda mwawo polima chaka chimene adabwerera kumudzi.

Zonsezi zinkakhala m'dengu lakutha pansi pa bedi. Tsiku lina anthu onse ali kokumba mbatata ya kachewere, mdzukulu wa zaka zinayi adakwawira pansi pa bedipo, nasolola dengu lija. Pamene ankamva kulira n'kuti chikhatho cha mwanayo chitang'ambika kuchokera pa chala chachikulu mpaka pakati. Adathamanga naye panjinga kuchipatala kumene adakamsoka.

Madzulo ake mayi wa mwanayo adalankhula ndi mtima wowawa. "Bambo, zitsulo zanuzi zitithera ana. Kaziponyeni m'chimbudzi, apo ayi muzigulitse kwa ogula zitsulo zakutha."

Madalawo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Mayi, mukataya mpeni uwu mwataya agogo anu. Wolakwa si mpeni ayi. Wolakwa ndine amene ndidauika pansi ngati mbale ya galu."

Onse awiri adanena zoona, ndipo mkangano ngati umenewu uli m'makomo ambiri m'dera lino la m'malire.

Kale nkhaniyi idali yosavuta. Nyumba zidali zaudzu, ndipo mayi akatha kusenda maungu, kapena bambo akabwera komweta udzu, mpeni ndi zenga ankazitsomeka kutsindwi pamwamba pa chitseko. Pamenepo mwana sankafikapo, utsi wa pamoto unkaumitsa chitsulo, ndipo wamkulu aliyense ankadziwa pochipeza ngakhale mumdima. Lero ambiri afolera malata. Ndi chitukuko ndithu, komatu kumalata sikutsomekeka kanthu. Mpeni wasowa kwawo. N'chifukwa chake ukupezeka m'beseni la mbale, pawindo, pansi pa mphasa, pena pabwalo pamene mayi amadulira ndiwo.

Tsono mpeni wogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku uyenera kupatsidwa malo atsopano. Timizere tiwiri ta nsungwi tokhomedwa pakhoma la kukhitchini, totalikirana pang'ono ndi khomalo, n'tokwanira. Mpeni ulowe pampatapo nsonga ili pansi, chigumbu chili pamwamba. Msinkhu wake ukhale woti mwana sangafikepo ngakhale atakwera pampando n'kutambasula dzanja, pakuti mwana akafuna chinthu amakoka mpando kapena mtondo. Chikwanje ndi nkhwangwa zipachikidwe chogona, kukamwa kwake kutayang'ana kukhoma. Kuziyedzamiritsa kuseri kwa chitseko n'kuika msampha, chifukwa wotsegula usiku zidzamgwera paphazi. Ndipo chakuthwa chilichonse chisalendewere pamwamba pa malo ogona.

Mpeni ukatha ntchito utsukidwe ndi kupukutidwa nthawi yomweyo. Madzi a matimati, mandimu, mchere ndi magazi a nyama zimadya chitsulo msanga, makamaka mipeni imene amisiri amasula kuchokera ku zitsulo za masipuling'i a galimoto. Mipeni imeneyi imathwa zedi koma sichedwa kuchita dzimbiri. Kuuviika m'madzi otsukira mbale n'koopsanso, chifukwa mtsikana wotsuka mbale amapisa dzanja m'madzi a thovu osaona chimene chili pansi. China chimene ambiri sakhulupirira n'chakuti mpeni wobuntha umacheka anthu ambiri kuposa wakuthwa. Wobuntha umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka padzungu umapita ndi mphamvu yonseyo pachala. Mwala wonolera ndi timadzi pang'ono zisamasowe pakhomo.

Mipeni yachikumbutso ndiyo nkhani ina, ndipo apa m'pamene madala aja adapeza nzeru. Adaitana mphwawo wina wopala matabwa, nampempha thabwa louma bwino. Pathabwapo adaboola timabowo tiwiritiwiri, ndipo mpeni uliwonse adaumanga ndi waya malo awiri, pachigumbu ndi chapafupi ndi nsonga. Wayayo adapotera kuseri kwa thabwa, kotero kuti wofuna kuchotsa mpeni ayenera kuyamba watsitsa thabwa lonse ndi kupeza chomasulira. Mlendo amaona ndi maso, mwana amaloza ndi chala, koma palibe amene angasolole.

Malo opachika thabwa lotere afunika kusankha bwino. Khoma lomenyedwa ndi mvula limatuluka thukuta m'kati kuyambira Novembala mpaka Malichi, makamaka ngati nyumba ndi ya zidina, choncho khoma labwino ndi la pakati pa nyumba. Lisakhalenso pafupi kwambiri ndi denga, pakuti kuno kumapiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi malata amadontha mame m'mamawa. Pakati pa thabwa ndi khoma pasiyidwe mpata wolowa chala, kuti mphepo izidutsa ndiponso kuti chiswe chikayamba kumanga njira yake chioneke msanga. Dzuwa la pawindo ndi kutentha kwa moto zimang'amba zigumbu za nyanga ndi za mtengo.

Anthu ambiri amaganiza kuti mpeni umasungika bwino m'chimake. Paulendo n'zoona, koma kwa miyezi yambiri ayi. Chikopa chimamwa chinyezi n'kuchisunga, ndipo mpeni umadyeka m'katimo mwini wake osadziwa. Tsiku louzula amapeza wakanirira, kapena watuluka wofiira ngati katondo. Chimake chipachikidwe pambali pa mpeni wake, chilichonse pachokha.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo. Kadontho ka oyilo wa makina osokera, kapena Vaseline pang'ono pakansanza, n'kupaka mopyapyala kamodzi pamwezi nthawi ya dzinja, basi. Mafuta ophikira ndi oyenera pa mpeni wodulira chakudya wokha, umene umatsukidwa kawirikawiri. Pa mpeni wongokhala amauma n'kumata ngati ulimbo, amanunkha, ndipo amaitana nyerere ndi mphemvu. Dzimbiri likayamba kale, phulusa lonyowa ndi chitsononkho zimachotsa popanda kuwononga, bola kupukuta bwino pambuyo pake. Tupa asayandikire mpeni wakale. Tupa amafafaniza mikwingwirima ya nyundo ya mmisiri ndi chidindo cha fakitale, pamene zimenezo ndizo umboni wa kumene mpeni udachokera. Mwachitsanzo, mipeni ya Okapi idayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo idasamukira ku South Africa. Wosunga Okapi wakale akawerenga zolembedwa pachitsulo angathe kudziwa ngati ndi wa nthawi ya makolo kapena wa posachedwa. Ndiponso mpeni wapakhoma sufuna kunola. Ntchito yake idatha, kuthwa n'kwa chiyani?

Chinthu china chofunika ndi kapepala. Pansi pa mpeni uliwonse palembedwe mwini wake woyamba, kumene adaupeza ndi chaka ngati chikudziwika. Angoni a Maseko adakhazikika mozungulira Domwe cha m'ma 1870, ndipo dzina loti Angónia lidachokera kwa iwo. M'makomo ena mukadali nthungo, zibonga ndi mipeni yosiyidwa ndi mibadwo imeneyo. Koma mkulu wodziwa mbiri akamwalira popanda cholembedwa, ana amangoona chitsulo chadzimbiri, n'kuchigulitsa pa mtengo wa paketi ya mchere. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera bwino akakhala papepala.

Palinso ngozi imene si ya ana. Mkangano wa pamowa umatha m'mawa ndi kupepesana ngati padalibe chitsulo pafupi. Chikakhalapo umathera kuchipatala, kupolisi kapena kumanda. Tsiku la ukwati, la chikumbutso cha maliro kapena lililonse limene pakhomo pali mowa ndi kachasu, zikwanje ndi mipeni yonse yosafunika pophika itsekeredwe m'bokosi la loko. M'nyumba imene bambo ndi mayi amamenyana, kapena muli munthu amene mutu wake sukuyenda bwino, kapena amene wayamba kulankhula zodzipha, mipeni yachikumbutso isakhale pakhoma konse. Ikasungidwe kwa atsibweni mpaka zinthu zitakhala bwino. Palibe chamanyazi pamenepo.

Nanga bayoneta ija? Mphwawo adaboola kale malo ake pathabwa, koma madalawo adaitembenuza m'manja nthawi yaitali, kenaka adati, "Iyi ayi. Sindidziwa idapha yani. Kapena idapha wa m'mudzi muno."

Wina anganene kuti nthungo nayonso idali ya nkhondo. N'zoona, koma amene adalasidwa ndi nthungo adapita kalekale pamodzi ndi owalira, ndipo nthungoyo idasanduka chovinira ngoma. Mabala a nkhondo imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 akadali ndi eni ake. Mayi amene mwamuna wake adaphedwa ali kumunda akalowa m'nyumba ya mnansi n'kuona chida chotere chitakongoletsedwa pakhoma, mtima wake ungakhale bwanji?

Dziko lino lidaonetsa kale njira. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayambitsa ntchito yosandutsa zida kukhala makasu, yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas. Anthu ankapereka mfuti n'kulandira makasu, njinga, makina osokera ndi zomangira nyumba. Zidazo zinkadulidwa, ndipo zidutswa zina amisiri a luso a ku Maputo ankaziwotcherera kukhala zosema. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato wodziwika ndi dzina loti Kester, adapanga mpando wa mfuti zodulidwa mu 2001, ndipo British Museum ya ku London idautenga mu 2002. Chida cha nkhondo chidaonetsedwa kwa anthu chitayamba chathyoledwa, osati chili chamoyo.

Madala aja adapita ndi bayoneta yawo kwa amfumu, ndipo amfumu adaipereka kupolisi. Ndiyo njira yake. Zida za usilikali si katundu wa munthu wamba. Koma chinthu chokhala ngati chipolopolo chachikulu, bomba, kapena chitini chachilendo chopezeka polima, chimenecho chisanyamulidwe n'komwe. Ngakhale boma lidalengeza mu 2015 kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa, khasu limatha kufukulabe zotsalira. Wochipeza aike chizindikiro patali, aletse ana ndi abusa a ng'ombe, akanene kwa amfumu ndi apolisi.

Pomaliza, ngozi ikachitika bala litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, lipanikizidwe ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, ndipo munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Dothi, ndowe, fodya kapena phulusa zisaikidwe pabala. Matenda a kafumbata sachokera ku dzimbiri lenilenilo monga ambiri amanenera, koma ku tizilombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timakonda bala lozama. Katemera wake alipo, ndipo achipatala ndi amene angaone ngati wovulalayo akufunika kubayidwa.

Lero pakhoma la madala aja pali zitsulo zisanu ndi chimodzi, ndi timabowo tiwiritiwiri topanda kanthu kumapeto kwa thabwa. Mdzukulu uja adakula, ali pasukulu, ndipo timapepala tonse ta pansi pa mipeni adalemba ndi iyeyo, ndi dzanja lomwe lija la chipsera. Mayi wake sadanenenso za chimbudzi.

Mlungu wamawa tsamba lino lidzakamba za kasungidwe ka mankhwala a mbewu m'nyumba imene muli ana.