NCHITO ZA CDF ZIFUNA KAUNDULA WOONEDWA NDI ONSE

Kuyambira m'caka ca 2022, pamene Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, makomiti a citukuko a m'mawadi asenza katundu amene sanauzolowere. Komiti imene kale inali kuyang'anira kanchito kamodzi, lero ipezeka ndi cipinda ca sukulu, citsime ndi ulalo pa nthawi imodzi.

Nchito zotere kawirikawiri zimaima cifukwa ca tinthu tating'ono. Njerwa zaumbidwa koma mcenga sunatutidwe. Kalata yopita ku khonsolo yalembedwa koma yagona m'thumba. Pa msonkhano onse anavomera, koma palibe amene anachulidwa dzina kuti nchitoyo ndi yake.

Apa ndipo pabwera nkhani ya zipangizo za pa intaneti zolongosolera nchito, monga Trello, imene inayamba mu 2011, ndi inzake Asana. Kagwiridwe kake si kacilendo. Pa foni pamaoneka bolodi logawidwa m'mizere, kawirikawiri itatu: zofunika kucita, zimene ziri mkati, ndi zimene zatha. Nchito iriyonse imalembedwa pa kakhadi kakekake, pamodzi ndi dzina la woigwira ndi tsiku loimalizira. Mcenga ukafika, wotuta amasuntha kakhadi kake, ndipo mamembala onse amaona nthawi yomweyo, ngakhale wina ali ku Chipata, wina kumunda. Tsiku likayandikira, foni imakumbutsa mwini wake. Nzeru imeneyi inacokera ku mafakitale a Toyota ku Japan, kumene anayamba ndi makhadi a pepala kompyuta isanafale.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti wocedwetsa nchito amadziwika popanda kulozana zala. Izi ziposa gulu la WhatsApp, m'mene uthenga wa simenti umamira pakati pa moni ndi zithunzi.

Komabe zopinga ziripo, ndipo si zocepa. Zipangizozi zifuna foni yamakono, mabandulo ndi netiweki, ndiponso zambiri mwa izo ziri m'Cingelezi. Cilala ca 2024 cinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku, kotero kuti ngakhale m'matauni kucaja foni kunali kobvuta.

Coopsa koposa ndi cakuti bolodi likakhala m'foni ya mlembi yekha, limasanduka cinsinsi ca anthu awiri kapena atatu, pamene ndalamazo ndi za anthu onse. A nyakwawa ndi amai amene atunga madzi omangira ayenera kudziwa pamene nchito yafika.

Motero komiti yofuna kuyesa njirayi iyambe ndi nchito imodzi. Mlembi azikopera mizere itatu ija pa pepala lalikulu sabata iriyonse, m'Cinyanja, ndi kulikhoma pa khomo la sukulu kapena pa cipatala, maina ndi masiku osasiyako.