Safunsa adadya phula: mabuku ayankhule kwa ana a ku nyanja

Ku America kuli buku la ana lotchedwa The Westing Game. Adalilemba ndi mayi Ellen Raskin mu 1978, ndipo mu 1979 lidapata mendulo ya Newbery, mphotho yapamwamba ya mabuku a ana m'dziko muja. Nkhani yake ikuchitikira m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Mpondamatiki wina, Sam Westing, wamveka kuti wamwalira, ndipo anthu 16 auzidwa kuti chuma chake adzatenga ndi yemwe atulukire chomwe chidamudya. Akuluakulu onse asokonekera, koma yemwe wamasula mfundoyo ndi kamtsikana ka zaka 13. Bukuli adalijambulanso m'mawu, kotero kuti mwana wosaona, kapena yemwe sadathe kuwerenga bwino, amangotchera khutu n'kumamvera.

Mwina wina afunsa kuti za ku America zitikhudza bwanji ife a ku Senga Bay, ku Chipoka ndi ku Lifuwu? Ine ndikuti zitikhudza kwabasi.

Buku lotere limaphunzitsa mwana kufunsa. Wachita ndani? Umboni uli kuti? Nanga wamkulu uyu bwanji mawu ake akusemphana ndi adzulo? A Malawi anzanga, mafunso amenewa ndi omwe tidaletsedwa kwa zaka 30 za chipani chimodzi. Tidaphunzitsidwa kumvera, osati kufunsa. Mu 1983 tidauzidwa kuti a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga adafa pangozi ya galimoto ku Mwanza. Tidangoti zii. Choona chidatuluka pamene komishoni ya Jaji Mtegha idafufuza titasankha matipate. Mtundu wosafunsa umadya phula ndithu.

Sikuti nkhani zotere n'zachilendo kwathu kuno. Amene adawerenga Sikusinja ndi Gwenembe, buku la a John Gwengwe, akukumbukira kuti wopha mbale wake adayesa kubisa, koma mbalame idaulula. Agogo athu ankatiponyera zilapi madzulo kuti tinole ubongo. Luso lilipo, chosowa ndi njira yofikitsira nkhanizi kwa ana.

Tiyeni tinene zoona. Maphunziro a ulere adayamba mu 1994, koma mabuku sadachuluke monga adachulukira ana. M'midzi ya kunyanja mnyamata amagona pa madzi ndi alovi, m'mawa n'kumathandiza kuyanika usipa pa thandala. Mwana wotereyu buku alipeza kuti? Koma wailesi ilipo pa doko, ndipo foni ili m'thumba mwa amalume ake. Khutu sililira palafini ngati koloboyi.

Ena akuti kumvera kuchititsa ana ulesi wowerenga. Ine sindigwirizana nazo. Mwana amene wamva theka la nkhani yokoma, n'kusiyidwa m'malere, ndiye amayamba kusaka buku kuti aone mathero ake. Ndiponso pulogalamu ya Tikwere, yomwe inkamveka pa MBC m'makalasi a pulayimale, idaonetsa kuti wailesi ndi choko zikhoza kuyendera limodzi. Nanga ana osaona, omwe mabuku a Braille sawakwanira, tiwasiye?

Tsono pempho langa nali. Alembi athu alembe nkhani zofufuza m'Chichewa ndi m'Chiyao, zochitikira konkuno: ukonde wosowa usiku, ndalama za komiti ya pa doko zosaoneka mutu wake. Mawailesi a m'madera aziwerenge pang'onopang'ono madzulo aliwonse, ndipo bungwe la COSOMA lionetsetse kuti mlembi walandira thukuta lake. Makampani omwe amathira ndalama pa mpira aikeko mphotho ya buku la ana labwino chaka ndi chaka.

Pa 14 June 1993 tidavotera ufulu wolankhula. Koma ufuluwo ngwachabe ngati ana athu akula osadziwa kufunsa phungu kuti, "Bwana, ndalama za mlatho zija zidapita kuti?" M'mera mpoyamba.